Alamu Anga ndi Chimakina Chawo

Alamu anga, amuna awo a achemwali, akhala akuvala juzi tsiku lililonse kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dzuwa liswe mtengo, enafe tikupukuta thukuta, iwo amatuluka pageti atavala juzi ya ubweya yofika m'khosi, moti ana a mumsewu mwathu anawapatsa dzina loti aJuzi, ndipo dzinalo linawalondola mpaka kuntchito. Sikuti magazi ndi ochepa m'thupi ayi. Amagwira ntchito ku banki, koma osati kumene mukuganizako, kwa anthu a mataye omwetulira pawindo. Malo awo ndi pansi penipeni pa nyumbayo, m'chipinda chopanda zenera, chozizira ngati m'firiji. Kuzizira kumeneko ndimakudziwa bwino chifukwa wokupanga ndine. Ntchito yanga ndi yokonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba, ndipo Lachiwiri lililonse ndimatsikira m'chipindamo kukatsuka masefa ndi kuona ngati mpweya ukuyenda bwino.

Chomwe timaziziritsacho ndi kompyuta imodzi yakuda, yaitali kundiposa, yonga mafiriji awiri a mu butchala ataimikidwa pamodzi. M'mabuku amaitcha menifuremu, koma pa bankipo aliyense amangoti Chimakina. Munthu akalowetsa khadi pa makina a pakhoma, akalandira malipiro, akalipirira mwana fizi, kaya ali tauni iti, nkhani yake imadzera m'bokosi limeneli. Achemwali sanachionepo ndi maso, koma anachipatsa dzina lawolawo, amati mkazi mnzanga. Amati mnzawoyo anabadwa ndi mwayi, saphika, sachapa, koma akangotsokomola pang'ono bambo amasiya chakudya pambale n'kuthamanga.

Alamu sanalowe m'chipindamo ngati katswiri. Anayamba ndi ntchito yong'amba mapepala otuluka pa pulinta n'kumawagawa m'maofesi ndi kangolo. Pa nthawi ya nkhomaliro ankakhala pakona n'kumawerenga mabuku a Chimakinacho, mabuku onenepa oti ukhoza kutchingira nawo galimoto kuti isatsetsereke. Akuluakulu a m'chipindamo ataona kuti munthuyu safuna kuchoka, anayamba kumuphunzitsa. Patapita zaka, ena anapuma, ena anatisiya, ndipo anatsala ndi alamu pamodzi ndi mayi wina wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, yemwe kale ankasunga matepi, moti mpaka lero amatchedwa aMatepi ngakhale matepiwo anachepa.

M'chipinda chimenecho muli kagwiridwe ka ntchito kamene kanandiseketsa tsiku loyamba. Palibe amene amasintha kanthu pa Chimakina ali yekha. Wina amawerenga mokweza zimene akufuna kuchita, mzere ndi mzere, chilembo ndi chilembo, mnzake akuyang'ana papepala. Akamaliza amadikira. Mnzakeyo akati “Ndamva, pitirizani,” m'pamene chala chimagunda batani. Akapanda kunena, ungaime mpaka miyendo kuuma. Amati zimenezi zinayamba kalekale munthu wina atafufuta zinthu za tsiku lonse chifukwa cha chilembo chimodzi.

Vuto ndi lakuti alamu khalidwe limeneli anabwera nalo kunyumba. Akafuna kumwa mapiritsi a BP amawerenga pabotolo mokweza n'kudikira kuti achemwali avomere. Akamapita kogula zinthu amaima pakhomo n'kuwerenga kapepala, sopo, machesi, babu la kubafa, ndipo sasuntha mpaka ayankhidwe. Tsiku lina achemwali atapsa mtima pa nkhani ina anangokhala duu, alamu anaima pakhonde ndi jumbo m'manja mpaka ine ndinawamvera chisoni n'kuwayankhira. Anandiyang'ana n'kunena kuti ine sindinaone papepalapo, ndiye yankho langa ndi lopanda ntchito. Umu ndi mmene alili, ndipo kunena zoona banja limeneli ndimalisirira. Sindinamvepo mbale ikusweka m'nyumba mwawo.

Koma panali chinthu chimodzi chomwe chinkawadya achemwali mumtima. M'thumba la malaya a alamu mumakhala kafoni ka banki, kakale, komatidwa ndi selotepi kumbuyo. Wosunga kafoniko saloledwa kupita kutali koposa ulendo wa ola limodzi kuchokera ku banki. Lamulo linkati iwo ndi aMatepi azisinthana, uyu sabata ino, uyo sabata ya mawa. Alamu sanakaperekepo. Sikuti ankawaderera aMatepi, ankangoti mtima sungakhale m'malo. Tchuthi ankatenga ndithu, koma n'kumathera pakhonde pawo, kafoni kali m'thumba, ndipo pofika tsiku lachitatu umawapeza atsikira kale m'chipinda chozizira ati kukangoona.

Mwana wawo ndi mmodzi, wamkazi, ndipo anakwatiwa kutali, ulendo wa masiku awiri pa basi. Ali ndi kamtsikana ka zaka zinayi kamene agogo ake aamuna kankangowadziwira pa galasi la foni. Achemwali anapitako kawiri okha. Kachiwiriko anabwerako nkhope itagwa chifukwa mayi wina woyandikana nyumba ndi mwana wawoyo anawafunsa mwaulemu kuti bambo anamwalira liti. Kuyambira pamenepo anati sadzakweranso basi imeneyo okha. Alamu anawalonjeza kuti tsiku limene Chimakina chidzazimitsidwe adzasiya ntchito ndipo adzapita limodzi, akakhale mwezi wathunthu. Tonse tinaseka, chifukwa zoti chizimitsidwa zinkanenedwa chaka ndi chaka kuyambira ine ndili ndi tsitsi.

Ndiye chaka chatha kunabwera bwana watsopano, ndipo uyu sankangonena. Anabweretsa akatswiri atatu a kampani ina, anthu aulemu ndithu, odziwa ntchito yawo. Maganizo awo anali akuti m'malo modalira bokosi limodzi lokwera mtengo, lomwe anthu olidziwa akutha, banki igule timakompyuta tambirimbiri, maseva, tiikidwe m'matauni osiyanasiyana, tizigawana ntchito n'kumauzana zomwe tachita. Kamodzi kakafa, tinzake tipitirize. Ine wokonza mafiriji ndinaona kuti nzeru zake ndi zomveka, ngakhale ndinadziwa kuti Lachiwiri langa litha.

Banki yonse inkayembekezera kuti aJuzi achita makani. Anthu ankadutsa dala pakhomo la chipindacho kuti amve mkangano. M'malo mwake anapeza alamu akuwathirira alendowo tiyi, akuwatsegulira mabuku onse, ndipo mmodzi wa iwo amene ankanjenjemera anamubwereka juzi ina imene imakhala mu dirowa. Alamu anayamba kuimba kamluzu potsika masitepe, chinthu chomwe sindinawamvepo chikwatirire mlongo wanga. Kunyumba achemwali anagula sutikesi yaikulu yamatayala n'kuiika pamwamba pa wodilopu, ndipo mwezi uliwonse ankaponyamo kanthu, kadiresi, timasokosi, kabuku kopaka utoto.

Asanazimitse Chimakina panayenera kukhala mayeso a miyezi itatu. Ntchito yonse inkachitika kawiri, Chimakina uku, maseva uku, ndipo madzulo kompyuta ina inkafananitsa zotsatira. Tsiku ndi tsiku zinkagwirizana ndendende, bwana n'kumaomba m'manja. Koma alamu, poti chizolowezi n'chovuta, m'mawa uliwonse ankasindikiza mapepala a mbali zonse n'kumawayendetsa chala ndi rula, ngati mmene ankachitira ali ndi kangolo kawo. Palibe anawatuma. Akatswiri aja ankangomwetulira n'kuwasiya.

Lachiwiri lina, mayeso atatsala masabata awiri, ndinawapeza alamu atakhala pampando, magalasi ali pamphumi, kamluzu katatha. Ndili pamakwerero kuchotsa sefa, anandiitana kuti nditsike ndidzaone. Anandisonyeza mzere umodzi pakati pa mizere yosawerengeka. Anati dzulo lake anthu okumba ngalande anadula chingwe cholumikiza matauni awiri, ndipo kwa kanthawi maseva a uku ndi a uko sankamvana. Aliyense anapitiriza ntchito payekha, monga anapangidwira. Pa nthawi imeneyo munthu wina analipira katundu ndi khadi. Mbali ina inati walipira, mbali ina inati sanalipire, ndipo zinakhala choncho kwa maola asanu. Chingwe chitalumikizidwa maseva anauzana n'kukonza okha, moti pofika madzulo pofananitsa paja panalibe chooneka. Chimakina chokha, poti zonse zimalowera pakhomo limodzi, chinali ndi yankho limodzi kuyambira pachiyambi.

Ndinafunsa ngati wina waona. Anati palibe, ndipo palibe angaone, chifukwa pepala la m'mawa amawerenga ndi iwo okha. Ndinafunsa chingachitike n'chiyani akanena. Anati bwana si wopusa, akaona zimenezi sangazimitse Chimakina, ndipo akapanda kuchizimitsa adzawapempha kuti atsale.

Apa ndiulule, ndinawalangiza zoipa, ndipo sindinachite manyazi. Ndinati alamu, zinthu zakonzeka zokha, palibe walira, pepalalo pindani mupangire kandege. Ndinawakumbutsa za sutikesi ija, ndinawakumbutsa kuti achemwali mawondo ayamba kuvuta ndipo sadzakwera basi ya masiku awiri mpaka kalekale. Ndinati banki ili ndi eni ake, inu muli ndi mkazi mmodzi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati lero ndi mayeso, Chimakina chinali pambali kugwirira, koma chaka cha mawa munthu ameneyo adzaima pakauntala maola asanu akutchedwa wabodza. Ndinapsa mtima ndithu, ndinabwezera sefa mopotoka mpaka ndinachita kubwereranso.

Alamu analemba lipoti la masamba awiri. Atafuna kuwawerengera aMatepi monga mwa nthawi zonse, mayiwo anapinda manja n'kukana. Anati zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akhala akuvomera zinthu za Chimakina, koma ili si la Chimakina, akawawerengere amene likuwakhudza.

Lamulungu masana ndinali kwawo, ndinapita kukabweza chitsulo chomangira mapaipi. Achemwali ankasita zovala pa tebulo la pabalaza. Alamu anatuluka kuchipinda atavala magalasi, mapepala m'manja, n'kuima kutsogolo kwa tebulo ngati mwana wa sukulu. Ndinafuna kuzemba koma anati ndikhale. Anawerenga zonse, deti, nthawi, nambala ya mzere, mpaka mawu omaliza onena kuti m'maganizo awo ntchito ya pakati penipeni ya banki isachoke pa Chimakina. Kenako anawonjezera zomwe sizinali papepala, kuti akatumiza lipotili ndiye kuti chaka chino sasiya ntchito, mwinanso chaka cha mawa. Atatero anatsitsa mapepala n'kudikira.

Achemwali anapitiriza kusita kolala ya shati, uku ndi uku, mpaka ndinaopa kuti ipsa. Anafunsa kuti munthu uja ankagula chiyani. Alamu anati pepala silinena, limangosonyeza kuti inali sitolo ya mankhwala. Achemwali anaimika simbi. Maso awo anali atafiira, ndipo ine mtima unandiwawa chifukwa mlongo wangayu anandilera, ndimadziwa akamameza misozi.

“Ndamva, pitirizani,” anatero.

Alamu anapuma mozama n'kutembenuka kuti abwerere kuchipinda, koma achemwali anati aime kaye, nawonso ali ndi chowerenga.

“Pa 3 mwezi wa mawa tikukwera basi, ine ndi inu. Chizimitsidwe, chisazimitsidwe. Kafoni kanuko muwasiyira aMatepi. Tikakhala masabata awiri. Ndamaliza, ndikudikira.”

Anthuni, sindinaonepo munthu akutuluka thukuta chotero. Anagwira thumba la malaya, anayang'ana kudenga, anandiyang'ana ine ngati ndingawapulumutse, ine ndinayang'ana nsapato zanga. Anayamba kunena za mapeto a mwezi, achemwali anati n'chifukwa chake asankha pa 3. Anayamba za magetsi ozimazima, achemwali anati jenereta si iwo. Anaima choncho nthawi yoti madzi a tiyi akanawira. Kenako, ndi mawu aang'ono ngati a munthu wodwala, anati amva.

Zinayenda monga alamu ananenera. Bwana anawerenga lipotilo, anaitana akatswiri aja, ndipo iwo sanakane. Anati vutolo likhoza kukonzedwa, koma kukonza kwake kuchedwetsa zinthu ndipo kudya ndalama zomwe ankati apulumutsa. Pamapeto pake banki inasankha kuti nkhani za maakaunti a anthu zikhalebe pa Chimakina, agulenso china chatsopano cha mtundu womwewo, ndipo maseva agwire ntchito za pafoni ndi zina zopepuka. Anawonjezera kuti anthu awiri a m'maofesi a pamwamba atsike adzaphunzire, ndipo anawapempha alamu kuti atsale zaka zitatu. Ine Lachiwiri langa linapulumuka chifukwa cha malangizo anga omwe sanamvedwe, ndipo aMatepi sanalephere kundikumbutsa.

Pa 3 ndinawaperekeza ku depoti. AMatepi anabwera okha kudzalanda kafoniko pakhomo la basi, chifukwa anati akapanda kutero munthuyu akabisa m'sokosi. Alamu anawapatsa pamodzi ndi kapepala ka malangizo, aMatepi anakapinda osakawerenga n'kukaponya m'chikwama.

Za kumeneko anandiuza ndi achemwali atabwerako. Anati masiku awiri oyamba bambo ankangogwiragwira thumba lopanda kanthu, ndipo foni ya mkamwini ikalira ankadzambatuka pampando. Kamtsikana kaja poyamba kanawathawa, kanati agogo ake ndi aang'ono, amakhala mufoni. Tsiku lachitatu kanawabweretsera chidole choduka mwendo, iwo anachikonza ndi waya, basi ubwenzi unayambira pomwepo. Ankapita nako kukagula buledi m'mawa, ankakakankha pa katungwe, ndipo Lachisanu achemwali anawapeza masana atagona pamkeka, pakamwa pali yasa, kamwana kakuwamanga timaliboni m'tsitsi la imvi. Anati anaima pakhomo nthawi yaitali osafuna kuwadzutsa. Mayi woyandikana nawo uja anachita kumuitana kuti adzawaone amuna awo ali moyo.

Anabwerako Lolemba, ndipo Lachiwiri m'mawa tinatsika masitepe limodzi. Ankayenda mothamanga moti ndinatsalira ndi bokosi langa la zipangizo. Ndikhulupirira ankayembekezera kupeza moto. Anapeza aMatepi atakhala pampando wawo akumwa tiyi, Chimakina chikulira kamvekedwe kake ka masiku onse. Sanapereke ngakhale moni wokwanira, anangotsegula buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Masamba khumi ndi anayi, lililonse ndi dzanja la aMatepi, lililonse mawu omwewo, palibe vuto. Anafunsa ngati kafoni kanalira. AMatepi anati kanalira kamodzi, anali munthu wolakwitsa nambala amene ankafuna wogulitsa matayala.

Ine ndinaseka mpaka kugwira khoma. Ndinati alamu, mkazi wachiwiriyu sanakusoweni n'komwe. Ndimayesa aseka nawo, koma anakhala pansi, buku lili pamiyendo, n'kubwereranso tsamba loyamba. Anawerenganso onse khumi ndi anayi, pang'onopang'ono, ndi chala. AMatepi anandiponyera diso, ndinatseka pakamwa n'kukwera pamakwerero anga. AMatepi anatuluka ati kukatsuka kapu.

Patapita nthawi alamu anandiyankhula osadzutsa mutu.

“Alamu, mayi anga atagonekedwa m'chipatala kwathu kuja anandiitanitsa katatu. Ndinkangoti ndibwera zinthu zikakhazikika kuno. Ndinakafika ataleka kuzindikira anthu.”

Ndinangogwira sefa m'manja, mpweya wozizira ukundiomba kumaso. Iwo anatseka bukulo n'kulibwezera pashelefu. AMatepi atalowa anatulutsa kafoni kaja m'chikwama n'kukaika patebulo pamaso pawo. Alamu anakayang'ana, kenako anakakankhira kwa mayiwo ndi chala chimodzi.

“Sungani mpaka Lolemba, sabata yanu sinathe,” anatero. Kenako anafunsa kuti mafomu a tchuthi masiku ano amatengedwa ku ofesi iti, chifukwa kamtsikana kaja kayamba sukulu mwezi wa chisanu ndi chinayi ndipo anakalonjeza kuti tsiku loyamba adzakaperekeza okha.